Ndinauza Madotolo Kuti Ndili Bwino

Makamarada, inu khalani pansi, ine ndiimirira. Ndikakhala pansi mawu amandithawa. Amene simukundidziwa, ndine Fabiyano. Kwathu kobadwira ndi ku Tsangano, koma ndinakwatira ku Chidzolomondo. Tropa, usilikali uja, ndinalowa ndevu zisanamere, osati mofuna, ngati ambiri a inu. Andipempha kuti ndilankhule chifukwa ena mwa inu mwaitanidwa ku junta ya madotolo ku Tete, kumene amayeza msilikali wakale kuti aone ngati nkhondo inamulumaza ndipo ayenera kulandira pensawu ya olumala. Ine ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinakanama, ndipo bodza limenelo linandichotsa pakhomo pa mkazi wanga. Mpaka lero ndikuyesetsa kubwererapo.

Nkhondo itatha, sindinalowe m'mudzi tsiku limene ndinafika. Mwambo wake mukuudziwa. Abambo anga aang'ono ndi azakhali anga a Esinta anandichingamira kumtsinje, ali ndi mkulu wina wa mankhwala. Anandivula zovala za tropa n'kuzitentha pomwepo, lamba ndi nsapato zomwe. Anandisambitsa madzi a mizu, azakhali akuthira ndi chikho, ine ndikunjenjemera, mukudziwa kuzizira kwa ku Tsangano. Atatha, abambo aang'ono anandigwira khutu.

"Zimene waona uko zapita ndi madziwa. Usadzazitchule kwa munthu, ngakhale mkazi amene udzakwatire. Ukadzazitchula, zidzamva kuti ukuziitana ndipo zidzabwerera."

Ndinalumbira, n'kuchoka pamtsinjepo osacheuka. Lamulungu lake anandipemphereranso kutchalitchi. Mwambowo sindiunyoza ayi. Chifukwa cha iwo anthu anandilandira, anadya nane mbale imodzi osandiyang'ana m'manja.

Kenako ndinakumana ndi Rozina. Anzanga ankandiseka kuti Mngoni wanji wosiya ng'ombe za bambo ake kukakhala mkamwini kwa Achewa. Ndinkawauza kuti muwaone kaye mayiwo, mundiseke bwino. Tinamanga nyumba, tinalima fodya ndi chimanga, tinabereka Juliyeta ndi azing'ono ake. Kunja ndinali munthu wabwinobwino. Koma sindinkatha kukhala pansi msana utaloza kukhomo. Nkhumba ikamaphedwa pamudzi, ine ndinkapezeka ndili kudambo osadziwa kuti ndafikako bwanji. Nyengo yotentha tchire ikafika, utsi ukangondilowa m'mphuno, manja ankatuluka thukuta ndipo chakudya sichinkatsika. Tsiku lina kuno ku Furancungo tayala la chapa, kaminibasi konyamula anthu kaja, linaphulika pamsika. Ndinadzapezeka ndili pansi pa benchi la mayi wogulitsa tomato, tomato yense ali mbwee, anthu akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani?

Rozina sankaseka. Ankandifunsa funso limodzi, chaka ndi chaka, mwaulemu wake uja.

"Abambo a Juliyeta, kodi munaona chiyani kumeneko?"

Ine yankho langa linali lomwelo: "Zinapita ndi madzi."

Ndiye kunamveka kuti asilikali akale amene anavulala akhoza kukayezedwa kuti azilandira pensawu ya olumala. Rozina ndi amene anandikakamiza. Anati wamva kwa namwino kuti madotolo amawerengeranso kuvulala kwa m'maganizo, osati kwa miyendo kokha. Ndinamukalipira. Ndinati ukufuna dziko lonse lidziwe kuti unakwatiwa ndi wamisala? Ana athu adzakwatiwa ndi ndani? Koma ndalamayo ndinkaifuna, eya, sindinama. Ndiye ndinaganiza zanga zanzeru. Ndili ndi chipsera pa katumba apa, waya waminga unandikala tikuthawa. Sichipweteka, sichinandiletsepo kulima. Ndinati ndikaonetsa chimenechi.

Titangotsika chapa ku Tete ndinayamba kutsimphina. Rozina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwendo wake ndi uti kodi? Pokwera paja munkatsimphinira winawo."

Tinalowa. Madotolo anakhala kuseri kwa tebulo, Rozina anamupatsa mpando pafupi ndi khomo. Anaona chipseracho, anachitobwanya, anandiuza kuti ndiyende, ndinjute, ndiime ndi mwendo umodzi. Ndinaiwala n'kutsimphina komwe. Kenako dotolo wina wamkazi anaika cholembera pansi n'kundifunsa modekha, pa Chiputukizi, ngati ndimagona bwino, ngati ndimadzidzimuka, ngati zimene ndinaona kunkhondo zimandibwerera.

Makamarada, chitseko chinali chimenecho, chotsegula. Ndinamva khutu langa likutentha pamene abambo aang'ono anagwira paja. Ndinaima njo ngati pa foleni.

"Estou bem, senhora doutora. Ndili bwino. Mutu wanga ulibe vuto."

Rozina anadzuka pampando. "Pepani adotolo, bambowa sakunena zoona. Utsi ukangoti..."

"Iwe, khala chete! Wafunsidwa ndiwe?"

Chikwatirane ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe pamaso pa anthu. Anakhala pansi, anakonza chitenje chake. Dotolo uja anandifunsanso kachiwiri, akuyang'ana kwa Rozina. Ndinabwereza zomwezo. Analemba zimene ndinawauza, nanga akanalemba ziti? Yankho linadzabwera kuti ndilibe chilema chilichonse.

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka msanga. Ndinkauza aliyense kuti boma latiiwala, madotolo ndi akuba, pensawu amapatsana pachibale. Mabodza okhaokha, wondimana ndinali ndekha. Mkwiyo umenewo ndinkakautsitsira kubaraka, kogulitsira mowa kuja. Poyamba kachasu anali wa Loweruka, kenako wa madzulo alionse, kenako wotsukira m'kamwa m'mawa. Ndinapeza kuti ndikaledzera utsi sundiopsa kwambiri, ndiye ndinati mankhwala ndawapeza. Adubu, feteleza wa fodya uja, ndinagulitsa. Njinga inapita. Mbuzi za Rozina, zimene anapatsidwa ndi amayi ake, zinapita imodziimodzi. Fodya anapsera m'munda osathyoledwa. Kwaya ya abambo ndinasiya, ndinati amaimba mokuwa.

Tsiku limene ndinafika pansi penipeni kunali masana, dzuwa lili pamutu. Inali nyengo yosaka mbewa, anthu atayatsa tchire kutsidya kwa munda wathu. Moto unalowa m'nsungwi. Inu mukudziwa mmene nsungwi zimaphulikira zikamapsa. Ine ndinali m'munda ndi matsire a dzulo lake, ndikusosa. Nditamva phuu! phuu! ndinagwa m'ngalande, khasu lili m'manja. Sindinalinso ku Chidzolomondo. Rozina anabwera ndi thobwa, anandiona ndili chigonere, anathamanga n'kundigwira paphewa chakumbuyo. Ndinatembenuka ndi mpini, ndi mphamvu zanga zonse. Anatchinga ndi mkono. Ndinamva fupa likuthyoka ndisanaone nkhope yake.

Anamunyamula pa mota, njinga yamoto, kupita kuchipatala. Atabwerako, mkono uli m'chikhakha, alamu anga a Mateyu, achimwene ake a Rozina, anandiitana pakhonde. Sanakweze mawu.

"Alamu, mlongo wathuyu sitinakupatseni kuti mudzatibwezere maliro. Longedzani zanu."

Rozina anali atakhala pamphasa, atatsamira khoma. Anati, "Achimwene, dikirani kaye." Kenako anayang'ana ine.

"Abambo a Juliyeta, ine ndikudziwa kuti simunamenye ine. Munamenya wina. Ndiuzeni munaona ndani pamene munkatembenuka. Mukandiuza, ndiwapempha achimwene kuti mukhale."

Tamverani bwino apa, makamarada. Mkazi ndamuthyola mkono, akundipatsanso mpata. Anangopempha mawu okha. Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Sindingathe. Ndinalumbira." Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikatchula, zinthuzo zilowa m'nyumba n'kugwira ana anga. Rozina anatembenukira kukhoma. Ndinanyamula kathumba kanga n'kubwerera ku Tsangano.

Za kumeneko sindichulutsa. Abale anga anandilandira masiku ochepa n'kutopa nane. Ndinkakumba kachewere m'minda ya anthu, malipiro onse kubaraka. Ndinkagona kuseri kwa barakako pa matumba, kuzizira kukundilowa m'mafupa. Mvula inagwa n'kutha ndili momwemo. Munthu amene ndinali ndi nyumba yamalata ndinkalimbirana makoko a chinangwa ndi nkhumba za eni baraka.

Tsiku lina la msika, chakumasana, ndinamva chinthu chikundibaya m'nthiti. Nditatsegula maso ndinaona ndodo, ndi kumapeto kwake azakhali a Esinta. Anali atakalamba zedi, mano awiri okha, koma lilime likadali lakuthwa ngati kale. Ankagulitsa nyemba pamsikapo.

"Iwe Fabiyano! Anthu akundiuza kuti mwana wa mchimwene wanga akununkha kuseri kuno, ine kumakana. Dzuka, chitsiru iwe. Ukunditsekereza makasitomala ndi manyazi."

Anandikokera pamalo pawo, anandikhazika pa thumba la nyemba, anandipatsa mbatata yootcha. Anandisiya ndidye kaye. Kenako anafunsa chimene ndinachotsedwera kwa akazi anga. Ndinawauza za mkono, za junta, za funso la Rozina.

"Ndiye unamuyankha chiyani?"

"Ndikanayankha bwanji, azakhali? Si inu nomwe munandiletsa?"

"Ine? Liti?"

"Kumtsinje. Inu munkathira madzi, abambo aang'ono anati ndisadzatchule kwa munthu."

Anasiya kupeta nyemba.

"Mayo ine! Iwe ukusungabe zimene zija? Mpaka imvi zonsezi?"

Ndinati ndinalumbira.

"Tamvera kuno. Nthawi imene ija munkabwera kuchokera mbali zonse ziwiri. Iwe unali uku, mwana wa a Jere anali uko, ndipo munayenera kumwa chitsime chimodzi. Tinkaopa kuti mukakhala pamowa muyamba kutchulana, uyu anatentha nkhokwe ya uje, uyu anapha mlamu wa uje, nkhondo n'kuyambiranso m'mudzi momwe muno. Tinakutsekani pakamwa kuti anthu alime. Za madotolo ofunsa za m'mutu ndani ankazidziwa nthawi imeneyo? Ndipo za mkazi wakozo anangowonjeza okha achimwene aja, abambo ako aang'ono, anali munthu wokonda kukometsa mawu."

"Koma anati zidzabwerera ndikadzatchula."

"Nanga wakhala chete zaka zonsezi, sizinabwerere? Tadziyang'ana!"

Mayi wina anabwera kudzagula nyemba. Azakhali anamuyezera, anakangana naye za basera, ine ndili pathumba paja ngati mwana wodikira jakisoni. Mayiyo atapita, anatenga botolo lawo la madzi, anamwa pang'ono, anachukucha m'kamwa n'kulavulira pansi, monga amachitira akuluakulu akamabweza mawu amene ananena.

"Amene tinali pamtsinje paja ndatsala ndekha. Ndakumasula. Pita ukanene kwa dotolo, kwa mkazi wako, kaya kwa abusa, kaya kwa mbuzi. Bola usakatchule mayina a anthu pamowa. Tsopano choka pathumba langa, ukundiphwanyira nyemba."

Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi. Ndinalira pamsika, masana, anthu akuona, kulira kokhala ngati kwa pamaliro. Ndinkaona Rozina atatsamira khoma lija akundipempha mawu. Chinthu chimene ndinatayira banja langa, mwini wake anachichotsa ndi madzi a m'botolo pakati pogulitsa nyemba. Ndikanangokwera chapa n'kudzafunsa, zaka zambiri zapitazo. Sindinaganizepo n'komwe kuti lumbiro limafunsidwa.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa kulira kokha sikunandichiritse. Ndinapita kuchipatala cha boma n'kufunsa tekiniko woona za matenda a maganizo. Alipo, makamarada, ndipo simulowera khomo la amisala ayi, mumakhala pamzere womwewo ndi odwala malungo. Ulendo woyamba ndinangomuuza za mowa. Wachiwiri ndinamuuza za tomato uja, tinaseka. Sanandifulumizitse. Ulendo wina ndi pamene ndinatchula dzina limene ndinali ndisanalitulutse chichokere kunkhondo: Zakeyu.

Zakeyu anali mnzanga, tinkafunda bulangeti limodzi. Adani anatitchera m'dambo la udzu wautali, anamuwombera m'chiuno, kenako anayatsa udzuwo. M'mphepete munali nsungwi. Ine ndinali m'ngalande chapafupi, ndikumumva akuitana, "Fabiyano! Fabiyano!" Ndikanadzutsa mutu ndikanafa. Anaitana mpaka anasiya. Ndi zimenezo basi. Ndi zimene Rozina ankafunsa.

Nditanena, ndinadikira kuti denga ligwe. Tekiniko anangondipatsa madzi akumwa. Koma ndisakunamizeni, masabata otsatira anali oipa kuposa kale, mutu unali ngati chilonda chochotsedwa nkhanambo. Anali atandichenjeza kuti zidzatero. Anandipatsa mapiritsi, anandiphunzitsa kapumidwe utsi ukandipeza, ndi kutchula mokweza zinthu zimene ndikuziona pamaso panga, khasu, mtengo, nkhuku, kuti mutu ubwerere kumene thupi lili. Mowa ndinasiya, ndinagwa kamodzi pa ukwati wa mwana wa msuweni wanga, ndinakamuuza tekiniko, tinayambiranso. Juliyeta, amene anakwatiwa kuno ku Furancungo, anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake.

Tekiniko atandiona kwa nthawi, analemba kalata yofotokoza matenda anga. Ndinapita nayo ku ofesi ya asilikali akale pamodzi ndi khadi langa lotulukira tropa, ndinapempha kuti anditumizenso ku junta. Zinachedwa. Ndinayenda maulendo ambiri, ena kungouzidwa kuti mubwerenso. Inu musakwiye n'kusiya, ndipo mapepala anu muzijambulitsa musanapereke. Tsiku litadziwika, tekiniko anati ndipite ndi munthu amene anakhala nane nthawi yaitali, chifukwa wodwala saona zonse za iye mwini. Munthu woteroyo analipo mmodzi yekha. Ndinatuma Juliyeta kukapempha amayi ake, ine ndinalibe nkhope yopitira.

Rozina anabwera. Mu chapa anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Mkono unapola mokhota, sutambasuka bwino, khasu sagwiranso.

M'chipinda muja, madotolo atamufunsa, anayamba wandiyang'ana kaye. Ndinati, "Nenani zonse, amake Juliyeta." Ndipo ananena. Makamarada, ndinamva moyo wa m'nyumba mwanga ngati nkhani ya kwa eni. Anati nyengo yotentha tchire ikayandikira ankatenga nkhwangwa ndi zikwanje kukazisungitsa kwa achemwali ake, n'kumandiuza kuti zabwerekedwa. Anati ankapita kwa anansi kukapempha kuti akafuna kupha nkhumba amuuze dzulo lake, kuti andipezere chochita kutali. Anati ana athu anawaphunzitsa kuti akamabwera kumene ndili aziimba nyimbo, kuti ndisadzidzimuke. Ine zaka zonsezo ndinkanyadira kwa anzanga kuti ana anga ndi okonda kuimba. Anati tsiku la mkono lija anaiwala kuimba iye mwini, chifukwa ataona ndili chigonere m'ngalande anayesa ndafa.

Itafika nthawi yanga, ndinanena za Zakeyu, Rozina akumva. Sindinaime njo, ndinakhala pampando, mawu akuduka.

Junta inavomera kuti nkhondo inandivulaza m'maganizo. Pensawu inadzayamba kubwera patapita nthawi. Si yambiri, musayembekeze kugula galimoto. Imakwana mapiritsi, sopo, ndi kulipira aganyu pamunda wa Rozina pamene ine sindinathe kumaliza. Chifukwa ndimapitako, makamarada. Alamu a Mateyu anandilola. Ndimalawira pa mota, ndimalima, amandipatsa chakudya pakhonde, timacheza za ana ndi za mitengo ya adubu. Dzuwa likapendeka ndimabwerera kwa Juliyeta. M'nyumba sindinalowebe.

Ndiye inu amene mukupita ku Tete, chipsera chionetseni ngati chilipo, koma akakufunsani za m'mutu musayankhe ngati muli pa foleni. Ngati munalumbira kumtsinje ngati ine, pitani kwa amene anakusambitsani akadali moyo, mukafunse chimene ankatanthauza. Yambani kuchipatala, musadikire junta. Ndipo amene wakuperekezani akatsegula pakamwa, inu tsekani panu.

Mwezi wathawu, titamaliza kukolola, ndinalimba mtima. Tinali pakhonde, iye akutong'ola chimanga ndi dzanja limodzi, chitsononkho atachipanikiza pabondo. Ndinati, "Amake Juliyeta, mowa ndinasiya, mankhwala ndikumwa, zonse ndinakuuzani. Kodi ndibwerere liti?"

Sanakwiye. Anapitiriza kutong'ola.

"Musandifunse tsiku, abambo a Juliyeta. Ine ndinakufunsani funso limodzi kuyambira ndili mtsikana, mwandiyankha ndili ndi imvi. Inunso dikirani."

Ndiye ndikudikira. Sindikudziwa ngati adzanene kuti lowani, ndipo akapanda kunena sindingamudandaule. Inu amene akazi anu akukufunsanibe, musadikire Tete. Kawayankheni lero.